Chitsulo chomwe chinkang'aluka ndikangozimitsa moto

Mwezi watha kunabwera bambo wina wa chigayo cha ku Chirimba pa shedi yanga ku Ndirande. Ananyamula tizitsulo tinayi tobulungira, tosemedwa kale pa lathe, kuti nditiwotcherere pa puleti ya mild steel (chitsulo wamba) yogwira chotchingira lamba wa chigayo. Ine mumtima ndinati ntchito iyi sindingachedwe nayo. Ndinatola ndodo yowotcherera ya 6013 yamasiku onse n'kuzungulira koyamba. Chitsulo chisanazizire n'komwe ndinamva kuti "the!" Nditagogoda slag, chikhungwa chotsala pamwamba pa powotcherera, ndinapeza mng'alu wowonda ngati tsitsi, utayenda pakati penipeni kuyambira pamene ndinazimitsira moto. Ndinapala ndi galainda n'kukweza moto poganiza kuti sunalowe. Apa ndiye kanang'alukiratu, pamwamba pali tizibowo tokhatokha.

Ndinakatenga kamodzi n'kupita nako kwa mkulu amene anatisema.

"Madala, chitsulo ichi n'chamtundu wanji?"

Anangoloza pansi pa makina awo. Zopala zake sizinali zazitali zopotana monga tidazolowera, zinali tizidutswa tating'ono ngati mpunga wosweka. "Ichi ndi free-cutting, achimwene. Pa lathe chimakoma, koma ndi moto wanuwo sizimvana."

Chitsulo chotere amachithira dala salufa wambiri kuti chizisemeka mosavuta. Mwa 12L14, mtundu umodzi wa chitsulo chotere, salufa amakhalamo cha m'ma 0.3 peresenti, komanso muli mtovu, pamene mild steel sapitirira 0.05. Mukawotcherera, salufayo amasakanikirana ndi chitsulo n'kupanga zinthu zosungunuka pa madigiri Celsius pafupifupi 1,000, pomwe chitsulo chenicheni chimauma cha m'ma 1,500. Ndiye m'mbali mumauma, pakati pakadali madzi, chitsulo chikamakokana pozizira pakati paja pamang'ambika. Pokweza moto ndinkangosungunula chitsulo cha salufa chochuluka, kudzipha ndekha.

Tsiku lotsatira ndinagula ndodo za 7018 ku Limbe, paketi yosatsegula, chifukwa ndodo zimenezi zikayamwa chinyezi zimabweretsa mavuto ena. Kamakina kanga kopanga pamanja kamavutika kuyatsa 7018, choncho ndinabwereka makina owotcherera a inverter kwa mnzanga. Ndinapala mng'alu wonse mpaka kufika pa chitsulo choyera, n'kupukuta mafuta a pa lathe.

Chomwe chinandithandiza kwambiri n'choti sindinayambe ndi kulumikiza. Poyamba ndinapaka mzere umodzi wa 7018 pa kachitsulo kokhako, moto wochepa, ndodo ya mamilimita 2.5, osagwedeza dzanja. Katazizira ndinachotsa slag, ndinapala pang'ono, kenako ndiye ndinalumikiza mzere uja ndi puleti. Apa ndodo ndinkailozetsa kwambiri ku puleti kuti chosungunuka chambiri chichokere ku mild steel. Ndinkayenda pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo, ndipo mzere ndinkausiya wotumphuka, osati wolowa m'kati, poti wolowa m'kati ndi umene umang'aluka msanga. Pomaliza sindinkangodzutsa ndodo ayi. Ndinkabwerera m'mbuyo pang'ono kudzaza kadzenje kaja kamene mng'alu woyamba unayambira. Sindinaumirizenso zitsulo ndi ma clamp mbali zonse, ndinazisiyira mpata woti zikokane, ndipo madzi sindinathirepo.

Ntchito yonseyi ndinaigwirira panja, mphepo ikuchokera kumsana, chifukwa utsi wa mtovu si wopumira.

Titatu tinagwira bwino, ndinayesa ndi hamala osaona kanthu. Kachinayi kanaonetsanso kamng'alu, ndiye ndinasiya kulimbana nako, ndinakagwiritsa ndi brazing pa gasi (kumata ndi chitsulo china chosungunuka msanga), poti pamenepo chitsulocho sichisungunuka n'komwe. Ena amagwiritsa ndodo za stainless, 309 kapena 312, koma mtengo wake ukanadya phindu langa lonse.

Mwini chigayo atabwera anafunsa ngati ndingawotchererenso chitsulo chomwecho pa shafuti. Ndinakana. Chotchingira lamba sichinyamula katundu, koma shafuti ikathyoka chigayo chikuzungulira ikhoza kuvulaza munthu. Ndinawauza kuti abwerere kwa madala aja akawasemere china pa mild steel, ndipo anabwera nacho Lachisanu.