Lamba anayenda yekha Lachitatu

Ndikulemba Loweruka madzulo nditafunda bulangeti, poti chisanu cha Dedza mu Juni mumachidziwa. Chiyambire Lachitatu sindikugona bwino. Anzanga amene kumalo kwanu mumayendetsa management review, msonkhano umene mabwana amaunikira mmene dongosolo la ntchito likuyendera, mundimva.

Fakitale yathu imaumba mabuloko a simenti ndi fumbi la miyala, chakufupi ndi msewu wa M1. Chiletsereni boma njerwa zowotcha pa zomanga zake, ogula satisowa, koma makontirakitala akuluakulu amayamba afunsa masatifiketi. N'chifukwa chake miyezo ya padziko lonse ya ISO 9001 (ubwino wa katundu), ISO 14001 (kusamala chilengedwe) ndi ISO 45001 (chitetezo ndi umoyo wa antchito) tinaiphatikiza m'dongosolo limodzi, ndipo mafayilo ake onse ndimasenza ndine. Poti ndime 9.3, yonena za management review, ili pamalo amodzi m'mabuku onse atatu, msonkhano timachita umodzi, mu Disembala ndi mu Juni. Wa ulendo uno unali Lachinayi.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Kulondola anthu kuti andipatse malipoti, kuphatikiza zotsatira za odita wathu wa mkati, kuwerenga madandaulo. Mabuloko a mulu umodzi anatuluka ofooka atayezedwa pa masiku 28, ndipo chifukwa chake tinachipeza: sanathiriridwe mokwanira sabata imene pampu inafa. A mfumu a mudzi wa kuseri kwa mpanda anatumizanso uthenga za fumbi limene likugwera pa ufa woyanika. Migolo iwiri ya oyilo wakutha idakali pa dothi kuseri kwa shedi. Zonsezi ndinazikonza bwino, ndipo Lachiwiri madzulo ndinaweruka mtima uli m'malo.

Lachitatu magetsi anazima cha m'ma 10 koloko m'mawa. Kwathu magetsi akazima anyamata sakhala pansi, amayeretsa. Mnyamata wa pa lamba wokweza mchenga anagwada kumapeto kwa lambayo, pamene pali chigudumu cha pansi, n'kuyamba kukokolola mchenga wotayika ndi manja, chifukwa fosholo siilowa pampata umenewo. Pamalopo payenera kukhala chotchinga cha waya wolimba. Chinachotsedwa mu Okutobala pokonza bering'i, mabawuti ake adzimbiri anawadula, ndipo sichinabwererepo. Sitata ya lambayo, ija imadula yokha magetsi akazima n'kudikira kuti munthu adzadine batani, inapsa chaka chatha. Wa zamagetsi analumikiza waya molunjika, ati kwa kanthawi chabe.

Magetsi atayaka, lamba anayenda yekha.

Mnyamatayo anali atavala juzi yaikulu pamwamba pa ovololo, ya mikono yaitali yolendewera. Chigudumu chinayamba kugwira juziyo, kenako mkono. Ine ndinali mu ofesi, ndinangomva kukuwa kumene sindidzakuiwala. Chingwe choimitsira mwadzidzidzi palibe pa lamba ameneyu, ndiye a foromani anachita kuthamanga kudutsa shedi yonse mpaka pa swichi yaikulu. Pamene ndimafika, anzake anali akudula juziyo ndi mpeni wosendera mbatatesi umene wina anali nawo m'thumba. Mkono unali utapindika pamalo pamene mkono supindika, khungu litasendeka kuyambira pa chigongono, mchenga utamatirira pa bala. Iye sankaliranso. Ankangobwereza kuti, "Madamu, musandichotse ntchito, ndimayeretsa basi."

Tinamunyamula pa pikiapu mpaka kuchipatala cha boma. Fupa linathyoka pawiri. Zala zonse zilipo, ndipo pa chimenecho ndikuthokoza Mulungu.

Nditabwerera ku ofesi, manja akunjenjemerabe, ndinatsegula maminitsi a msonkhano wa Disembala. Mfundo yachisanu ndi chiwiri: kubwezeretsa chotchinga pa lamba, kugula sitata yatsopano, kugula maloko otsekera maswichi pokonza ndi poyeretsa. Woyenera kuchita, manijala wa fakitale. Tsiku lomaliza, kutha kwa Januwale. M'mbali mwake muli mawu amene ndinalemba ndekha Lolemba lomweli: sizinatheke, tikudikira ndalama. Makotesheni atatu ndinawatumiza ku likulu mu Januwale, ndinakumbutsa mu Malichi, kenako ndinatopa n'kusiya. Pamenepo ndi pamene pakundiwawa kwambiri. Ndinkadutsa pa chigudumu chosatchingacho tsiku lililonse nditanyamula fayilo. Ndikanatha kuika loko pa swichi n'kunena kuti lamba uyu sayenda, azindikalipira ngati akufuna. Ndinasankha kulemba.

Lachinayi mabwana anafika kuchokera ku Lilongwe nthawi itapita kale, ndipo anayamba ndi kunena kuti akufuna abwerere kusanade. Ndinali nditasintha ndondomeko usiku, nkhani ya ngozi ndinaiika poyamba, pamodzi ndi zimene tinagwirizana pa msonkhano wapitawo. Bwana wamkulu anamvetsera, anapukusa mutu mwachisoni, ndipo sindikukayika kuti chisonicho chinali chenicheni. Kenako anati, "Pepani mayi, koma tsoka silinunkha." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bwana, ili linanunkha. Tinalimva tonse m'chipinda chomwechino mu Disembala, ndipo munasainira ndinu." Ndinawakankhira pepalalo patsogolo pawo.

A zachuma anadzutsa nkhani ya ndalama zakunja. Sindikutsutsa. Chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, chilichonse cha magetsi chochokera kunja mtengo wake ndi wowawa, ndipo simenti nayo imatidya. Koma chotchinga si cha kunja. Ndi waya ndi zitsulo zimene wowotcherera aliyense pa Dedza boma angalumikize tsiku limodzi. Maloko ali m'sitolo iliyonse. Ndipo kutchinga mbali zoopsa za makina si nkhani ya ISO yokha, ndi lamulo la dziko lino, Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997.

Chimene chinandikwiyitsa koposa chinachokera kwa manijala wa fakitale. Iwo anati tilembe kuti gwero la ngozi ndi kusasamala kwa wogwira ntchito, ndipo njira yokonzera ikhale maphunziro, kuletsa majuzi, ndi kalata ya chenjezo kwa mnyamatayo akatuluka m'chipatala. Anzanga, nonse mwaionapo fomu yotere. Ndi yotsika mtengo, imatsekeka msanga, ndipo odita wothamanga amatha kuidutsa. Ndinatsegula ISO 45001 pa ndime 8.1.2 n'kuwerenga mokweza mndandanda wake mmene unaikidwira: chotsani choopsacho, chikakanika sinthani ndi chosaopsa kwambiri, kenako tchingani pa makina penipeni. Malamulo a pakamwa ndi maphunziro zimabwera pambuyo, zovala zodzitetezera pamapeto penipeni. Ife tinkafuna kuyambira kumchira chifukwa kumutu kukufuna ndalama.

Amene anathetsa mkanganowo si ine. Ndi bambo wachikulire woimira ogwira ntchito, amene misonkhano yonse yapitayi amangokhala phee pakona, chipewa chili pa bondo. Nthawi zina ndinkaganiza kuti ndimawaitana pongofuna kukwaniritsa ndime 5.4 ya kufunsa maganizo a antchito. Anakweza dzanja n'kunena kuti, "Zikomo bwana. Majuzi timavala chifukwa shedi ija ilibe khoma, mphepo ya kuphiri imalowa yonse, zala zimachita kuuma. Zoyeretsa magetsi akazima, anatiuza ndi a manijala omwewa, kuti tisamangokhala. Mwana uja amachita zimene anauzidwa." M'chipinda munangoti zii. Manijala anayang'ana pansi.

Tinagwirizana izi: chotchinga chipangidwe sabata yomweyi, maloko agulidwe, lamba asayende kufikira zonsezi zitatheka, mchenga uzikwera pa wilibala. Kalata ya chenjezo inafufutidwa. Za sitata, a zachuma anati aonanso mwezi wamawa. Ndinapempha kuti maminitsi anene momveka kuti lamba sadzayenda popanda sitata, osati popanda chotchinga chokha, chifukwa makina oyenda okha magetsi akayaka adzapeza wina ngakhale titatchinga chigudumu chimodzi. Bwana wamkulu anazengereza, anafunsa kuti mabuloko atsika ndi angati pa tsiku, kenako anavomera. Ndinalemba mawu awo ndendende n'kuwawerengeranso asanaimirire.

Zotsala zonse zinadutsa m'mphindi makumi awiri. Mabuloko ofooka, oyilo wa pa dothi, zolinga za chaka, zonse mothamanga. Thanki yothirira msewu kuti fumbi lichepe yasunthidwanso kupita ku Disembala, kachitatu tsopano, pamene mphepo ya Julaye ndi Ogasiti ili pakhomo. Sindikudziwa kuti ndikawauza chiyani a mfumu. Miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito yanga, anthu amene ali ndi mphamvu pa ndalama anaipatsa maola awiri osakwana.

Lachisanu m'mawa ndinakapereka lipoti la ngozi ku ofesi ya zantchito ya boma, kuti nkhani ya chipukutamisozi iyambe kuyenda monga ikunenera Workers' Compensation Act ya 2000. Kuchokera kumeneko ndinapita kuchipatala. Mnyamatayo anali atagona, mkono uli m'nsalu pamwamba pa pilo, akudikira kuti kutupa kutsike. Mayi ake anabwera kuchokera ku Bembeke ndi kadengu ka mbatatesi zophika, atakhala pansi pambali pa bedi. Atamva kuti ndine wa kuntchito anadzuka n'kundiombera m'manja mwaulemu, ine manyazi atandigwira. Sanafunse kuti zinachitika bwanji. Anangoti, "Amayi, ntchito yakeyo ilipobe? Ndi amene akulipirira mlongo wake sukulu." Ndinawayankha kuti ilipo, ndipo malipiro ake saima. Pobwerera ndinaimbira a zachuma kuti mawu amenewa awalembe pa pepala, ndipo analemba.

Lero m'mawa wowotcherera anabwera ndi tepi yake kudzayeza chigudumu. Pansi pake mchenga udakali wakuda pamene panagwera magazi, ndipo kachidutswa ka juzi yobiriwira kadakamatirirabe pa lamba. Ndawauza anyamata kuti asakachotse kufikira nditajambula zithunzi zoika mu fayilo. Pa swichi pali loko watsopano, ndipo kiyi wake ali m'chikwama changa. Manijala andiimbira kale kawiri kufunsa ngati Lolemba sitingayendetse lamba kwa maola ochepa okha, poti pali lole ya ku Ntcheu imene ikudikira mabuloko. Ndawauza kuti awerenge maminitsi.