Zimene Cabo Delgado yandiphunzitsa pa chithandizo cha mankhwala

M'kalasi mwathu mwa zaumoyo pa nthawi ya ngozi, aliyense anapatsidwa mwayi wosankha dera loti alifufuze. Ine ndinatenga Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, chifukwa kumeneko nkhondo ndi namondwe zinagwera anthu amodzimodzi.

Zigawenga zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017. Nkhondoyo ili mkati, pa 25 Epulo 2019 namondwe Kenneth anawomba Macomia, Quissanga ndi chilumba cha Ibo, patangopita milungu 6 namondwe Idai atasakaza mzinda wa Beira, pakati pa dzikolo. Mavuto awiriwa amakolezerana. Namondwe amasasula denga la chipatala ndi kugumula mlatho, nkhondo n'kuletsa aliyense kubwera kudzakonza. Anamwino nawonso ali ndi ana, mfuti zikalira amathawa limodzi ndi anzawo. Mu 2020 ngakhale a bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières anaimitsa ntchito ku Mocímboa da Praia ndi ku Macomia chifukwa cha ziwawa, chonsecho malamulo a ku Geneva a 1949 amaletsa kukhudza chipatala pa nkhondo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ntchito yaikulu siyosoka mabala a zipolopolo ayi. Ndi madzi ndi zimbudzi. Ku Beira kolera anabuka patangotha milungu iwiri madzi atasefukira chifukwa cha Idai, ndipo anthu oposa 800,000 anamwetsedwa katemera. Matendawa akakula popanda chithandizo angathe kupha theka la odwala, koma pakakhala ORS ndi dilipi, omwalira safika mmodzi pa 100. Muyezo wa Sphere, umene mabungwe othandiza amatsatira, umati munthu apeze malita 15 a madzi patsiku, ndipo chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20. Pa pepala manambalawa amaoneka ochepa. Koma tangoganizirani kuwakwaniritsa pamsasa wa othawa nkhondo wa ku Metuge, anthu akufikabe wapansi usana ndi usiku!

Pomwe ndakhalitsa kwambiri ndi pa anthu amene anali kale pa mankhwala. Ku Mozambique, mwa akuluakulu 10 alionse, oposa mmodzi ali ndi kachilombo ka HIV. Munthu wothawa mudzi ukuyaka amanyamula mwana, mwina ndi mphika. Khadi lakuchipatala ndi botolo la ma ARV zimatsala. Akafika kumsasa sadziwa dzina la mankhwala ake, ndipo ena amaopa kuulula pakati pa anthu achilendo. Akasiya kumwa mankhwala, kachilombo kamachulukanso m'magazi, TB n'kupeza polowera. Wodwala TB akadukiza mankhwala a miyezi 6, matendawo angathe kusiya kumva mankhwala. Wa shuga, wa khunyu, mayi wapakati amene mwana wakhala mopingasa, onsewa salowa m'chiwerengero cha ophedwa ndi nkhondo kapena namondwe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa imfa zawo n'zopeweka ndi zinthu zotchipa.

Mozambique yemweyo anaphunzitsapo maiko ena njira yabwino. Ku Tete mu 2008 kunayambika timagulu ta anthu osapitirira 6 omwa ma ARV, mmodzi n'kumapita kuchipatala kukatengera anzake onse, mosinthanasinthana. Njirayi imadalira kuti anthuwo akhale pamodzi, pamene nkhondo imabalalitsa: wina ku Pemba, wina ku Montepuez, wina m'tchire.

Nkhani yanga yolemba kumapeto kwa teremu ndaikhazika pamenepa. Ndikufuna kuona ngati kupereka mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, nyengo ya namondwe isanafike komanso kumene ziwawa zikuyandikira, kungachepetse odukiza. Namondwe Chido anawombanso Mecúfi ndi Pemba mu Disembala 2024, m'chigawo chomwechi chodzaza ndi othawa nkhondo, choncho ndiyambira kuwerenga malipoti a nthawi imeneyo.