Tinakapikisana atatu ku Kasungu, kumene wosambira ndi wosowa

Ukafuna kupanga timu ya triathlon ku Kasungu, wopalasa njinga sungamusowe. Ungoima pa depoti kapena pamsika, anyamata a kabaza akuzungulira okha, ena miyendo ili gwa chifukwa chonyamula matumba a chimanga tsiku ndi tsiku. Wothamanga nayenso ngwosavuta kupeza. Chovuta ndi wosambira, chifukwa Kasungu ndi kumtunda, ndipo ambirife tinakula tikungovundula madzi a m'dambo nthawi ya dzinja, ofika m'chiuno. Ndiye msuweni wanga atandiimbira foni kuti kagulu kena ka achinyamata othamanga Loweruka m'mawa kakukonza mpikisano woterewu, ndinamufunsa zinthu ziwiri: asambira ndani, nanga asambira kuti?

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, munthu amasambira, kenako n'kupalasa njinga, pomaliza n'kuthamanga, zonse motsatizana wotchi osaima. Anayambira ku San Diego ku America mu 1974, ndipo ku Olympics analowa mu 2000 ku Sydney. Kumeneko amasambira makilomita 1.5, kupalasa 40, kuthamanga 10. Ife anatiikira theka la zonsezi: mamita 750 m'madzi, makilomita 20 panjinga, 5 wapansi. Ndipo poti ambiri sitingathe zonse zitatu, analola matimu a anthu atatu, aliyense n'gawo lake.

Za malo osambirawo okonzawo anavutika nazo. Damu la Lifupa ku Kasungu National Park ndi lokongola, koma muli mvuu. Ku Bua anthu amaopa ng'ona. Damu la Chitete ndi lomwe limamwetsa tauni yonse, sungalowemo n'thukuta lako. Nyanja ili ku Nkhotakota, mtunda wopitirira makilomita 100. Mapeto ake anapempha damu la pa esiteti ina ya fodya cha kum'mawa kwa boma, mbali ya msewu wopita ku Mtunthama, komwe kuli Kamuzu Academy.

Wosambira ndinamupeza m'nyumba momwe. Mng'ono wa mkazi wanga anakulira ku Nkhotakota, ndipo ndinamufunsa tili pa nsima.

"Alamu, mamita 750 mungasambire?"

"Ndiye kuti kuchokera pati mpaka pati, alamu?"

Ndinawauza kuti aganize kutalika kwa bwalo la mpira kasanu n'kawiri, n'kuwonjezapo pang'ono. Anaseka, nati pamenepo ndi pomwe ankakachingamira mabwato a usipa ali mwana, mayi awo akuwakalipira pamtunda. Timu inakwana: alamu m'madzi, msuweni panjinga, ine wapansi.

Tinanyamuka ku Lilongwe Lachisanu masana pa minibasi, kumapeto kwa Seputembala, dzuwa litayamba kale kuonetsa khalidwe lake. Msewu wa M1 ndimaudziwa ngakhale nditatsinzina: Kanengo, Lumbadzi, Mponela pomwe ogulitsa amakulowetsera chipisi ndi nthochi pawindo, kenako Madisi. Pa mlatho wa Bua alamu anasuzumira pansi, madzi atachepa mpaka mchenga kuonekera, n'kungopukusa mutu. Tikudutsa pa Chinkhoma, pamene pali msika wa fodya, kondakitala anali atatipanikiza kale anthu anayi pampando wa atatu, bondo langa lili m'thumba la mtedza wa munthu wina. Phiri la Kasungu litaonekera patsogolo ndinadziwa kuti makilomita pafupifupi 130 aja atha.

Tinagona kwa azakhali, mayi ake a msuweni uja. Anatiphera nkhuku yachikuda, ndipo tikudya anafunsa kuti opambana alandira chiyani. Titawayankha kuti palibe, m'malo mwake tasonkha ndife kuti okonza agule madzi akumwa, anaika mbale pansi.

"Ndiye mwana wanga asiye makasitomala m'mawa wa Loweruka, tsiku la ndalama, kukapalasa njinga yopanda munthu?"

Funsoli ndi la nzeru. Ine wa muofesi Loweruka ndi langa, ndikhoza kulitaya mmene ndafunira. Wa kabaza akasiya ntchito m'mawa umodzi ndiye kuti wasiya ndiwo. Anthu okonza masewera a anthu wamba ngati awa amaiwala zimenezi, n'chifukwa chake mumangoona aphunzitsi, a zaumoyo ndi ogwira ntchito m'mabungwe, pamene akatswiri enieni a njinga ali pa siteji kudikira pasinjala. Ndinalonjeza azakhali kuti ya m'mawa umenewo ndibweza ndine, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Usiku womwewo msuweni anagwira njinga yake ndi tochi ya foni. Ndi njinga ya kabaza yeniyeni, yakuda, giya imodzi, masipoko okhuthala owonjezera kumbuyo. Anachotsa khushoni ya pasinjala ndi zopondera zake, anathira oyilo patcheni, anamanga mabuleki. Nditamuuza kuti achotsenso kaliyala kuti njinga ipepuke, anakana. "Iwe msuweni, Lolemba undinyamulira ndiwe makasitomala pamsana?" Chipewa analibe, chifukwa wa kabaza yakapalasa savala. Anakabwereka kwa mnzake wa njinga yamoto, chachikulu chotseka nkhope yonse, cholemera kuposa mutu wake.

Kudamu tinafika dzuwa lisanatuluke. Inali nyengo ya nazale za fodya, ndiye tinapeza amayi ndi abambo atayamba kale kutunga madzi m'makheni kukathirira mabedi. Okonza anali atamangirira zigubu zachikasu za mafuta ophikira ku miyala n'kuziponya m'madzi kuti zikhale zizindikiro, ndipo osambira anayenera kuzizungulira kawiri. Bwato kuno kulibe, choncho wopulumutsa anthu anali bambo wina atakhala pa chubu cha thirakitala, nsungwi yaitali ili m'manja. Polowera anasankha mbali ya khoma la damu, kutali ndi bango. Alamu anavomereza zimenezo, nati m'bango ndi momwe mumakonda nkhono zofalitsa likodzo, ndipo iwo akabwerera akayezetsabe.

Matimu sanapitirire khumi, kuphatikizapo anyamata angapo olimba mtima amene anati achita zonse zitatu okha. Mtsikana amene amatsogolera, wezulo ali m'khosi, anafotokoza malamulo. M'mipikisano ikuluikulu wopikisana amamanga kachipangizo kowerengera nthawi pamwendo, ndipo a timu amapatsirana kameneko. Ife anatipatsa lamba wodulidwa ku chubu chakale cha njinga, nambala atalemba ndi penti yoyera. Wopanda lamba sanyamuka. Wapanjinga amange kaye chipewa asanagwire njinga, aikankhe mpaka pamzere womwe anathira phulusa, akwere atadutsa pamenepo. Ndipo palibe kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo. Lamulo lomalizali anyamata analing'ung'udza, koma mtsikanayo anati ngakhale kunja, m'mipikisano yambiri ya anthu wamba, ndi mmene zilili.

Alamu anabwera atavala chitenje mpaka m'mphepete mwa madzi. Wezulo atatsala pang'ono kulira anachimasula n'kundipatsa, mkati muli thayitsi yakuda ndi jezi ya mpira. Amayi othirira aja anatula makheni pansi. Mmodzi anandifunsa monong'ona ngati ndine mwamuna wawo, ndipo nditati ndi alamu anga anangoti, "Ee, koma ziliko."

Osambira ena anali ndi magalasi a m'madzi, ophunzira m'madziwe osambiramo a m'tauni, momwe pansi pali mzere woti uzitsata. Ananyamuka mwaliwiro, nkhope zili m'madzi, manja akuzungulira mokongola. Koma madzi a damu ndi ofiirira, ngakhale dzanja lako lomwe sulioneka. Posakhalitsa awiri anayamba kukhotera kubango osadziwa, bambo wa pachubu uja akuwakuwira. Alamu amasambira chinyanja, mutu uli pamwamba, maso ali pachigubu, osafulumira. Poyamba ndinada nkhawa chifukwa anatsalira pafupifupi kumapeto. Pozungulira koyamba anali atadutsa atatu popanda kuwonjezera liwiro, kungoti iwo njira yawo inali yowongoka pamene anzawo amasambira mamita owonjezera. Pozungulira kachiwiri amayi a makheni aja anali atayamba nthungululu. Anatuluka achiwiri, matope mpaka m'mawondo, n'kuthamanga chokwera kukhoma, lamba atamuluma pakamwa kuti manja agwire udzu.

Pambuyo pake anandiuza kuti madzi a damu ndi olemera, ozizira pansi pamene pamwamba ndi ofunda, ndipo akuti alibe moyo chifukwa palibe funde loti likunyamuleko. Sanawakonde.

Msuweni anataya nthawi pomanga chipewa chija, zala zikunjenjemera, kenako anakankha njinga mpaka paphulusa n'kuzimiririka m'fumbi. Za ulendo wakewo ndinangomva pambuyo. Pamene msewu uli wolimba, a njinga za magiya anamudutsa mosavuta, iye miyendo ikungozungulira mpaka polekezera. Koma njirayo inali ndi zigawo za mchenga, ndipo pamenepo ena amatsika n'kumakankha pamene iye amangodutsa m'mbalimbali, momwe amadutsira akanyamula matumba awiri a feteleza. Akuti vuto lake lalikulu linali chipewa: galasi linachita nthunzi, thukuta likulowa m'maso, mpaka analikweza n'kumameza fumbi.

Ine nthawi yonseyo ndinali pamalo osinthira, ndipo gawo ili palibe anandichenjeza. Wothamanga mu timu amadikira nthawi yaitali kuposa aliyense. Unatenthetsa thupi mbandakucha, lazizira, watenthetsanso, dzuwa likukwera, madzi wamwa mpaka ukufuna kuthengo koma ukuopa kuti mnzako afika iwe kulibe. Sudziwa ngati waphulitsa tayala kapena tcheni chaduka. Mukaonera pa TV mpikisano wa matimu wa ku Olympics, umene unayamba ku Tokyo mu 2021, aliyense mwa anthu anayi amachita zonse zitatu mtunda waufupi, ndiye palibe amene amangokhala ndi ntchito imodzi. Wathuwu unali wina: anzako agwira kale ntchito yawo, mwayi wonse umene akupezera uli m'manja mwako, ndipo ukautaya aliyense aona kuti wautaya ndani. Tonse othamanga tinaima chete, maso kumsewu, aliyense akunamizira kuwongola miyendo.

Msuweni anatulukira wachitatu. Anatsika njinga isanaime bwino, n'kundiponyera lamba uja ali chinyezi. "Thamanga msuweni, usandichititse manyazi kwathu kuno!"

Makilomita 5 ndimathamanga kawirikawiri ku Lilongwe, koma m'mawa kukuzizira, pa tala. Apa kunali kutatentha kale. Njira inadutsa pakati pa zigafa zopanda kanthu, fodya atagulitsidwa kalekale, kenako m'minda yososa momwe phulusa la mapesi limauluka ukaponda. Ana a pa esiteti anandiperekeza opanda nsapato, akucheza okhaokha osapuma n'komwe movutikira, mpaka anatopa nane n'kubwerera kukaperekeza wina. Cha pakati ndinadutsa mnyamata mmodzi mwa ochita zonse zitatu aja, amene anali patsogolo pathu kuyambira panjinga. Amathamanga miyendo ili tang'a, chifukwa minofu imene yapalasa makilomita 20 siivomera msanga kuti iyambe kuthamanga. Ndinamulemekeza, pakuti ine ndinali ndi miyendo yatsopano koma ndimamva kuwawa chimodzimodzi. Chakumapeto mphunzitsi wina wamkazi wa timu ina anandidutsa mwakachetechete pachitunda, ndipo ngakhale ndinayesa, sindinamupezenso.

Mamita omaliza alamu ndi msuweni anathamanga nane, wina atavalanso chitenje, wina chipewa chili m'manja. Pa matimu tinakhala achitatu.

Tikumwa thobwa pansi pa mtengo wa mango ndinayamba kufunsa matimu enawo kuti wosambira wawo ndi wa kuti. Wa timu yopambana anali wa ku Nkhata Bay, amagwira ntchito ku boma. Wina wa ku Salima. Wina wa ku Dwangwa. Otsalawo ndi aja a m'madziwe a m'tauni. Mwana wobadwira ku Kasungu amene anasambira tsiku limenelo anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene anatuluka atagwira nsungwi ya bambo wa pachubu. Chigawo chonsechi madamu a m'maesiteti ali mbwee, ana amasewera m'mphepete mwake chaka chonse, koma wowaphunzitsa kusambira palibe. Makolo amangoletsa, ndipo ana amapitabe mobisa.

Zimenezi tinaziona tisanachoke. Okonza asanavuule zigubu, tianyamata tina tinavula malaya n'kuyamba kulowa kuti tikafike pa chigubu choyamba. Alamu anadzuka thobwa lili m'manja n'kuwakalipira ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo. Ana atatuluka, anawaitanira pamalo osaya, n'kuyamba kuwaonetsa mmodzimmodzi kugona chagada pamadzi, dzanja lawo lili pansi pa msana wa mwana. Amayi a makheni anabweretsanso awo. Zinatenga masana onse, ndipo minibasi imene tinati tikwere tsiku lomwelo tinaisiya, tinabwerera Lamulungu.

Pobwerera ku boma madzulo msuweni anali atamanga kale khushoni yake. Ine ndinakwera galimoto ya okonza, alamu anakwera kabaza, ndipo atafika pakhomo pa azakhali msuweni anawalipiritsa mtengo wonse, nati mpikisano unatha masana.