Ntchito yoziziritsa makina ikudikira ana a ku Mangochi

Abale anga, Okutobala akafika kuno ma inverter a sola, timakina tosintha magetsi a m'batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, amayamba kuzima okha masana, ndiye timathamangira kunena kuti tinagula katundu wabodza. Nthawi zambiri vuto limakhala kutentha basi.

Alipo mainjiniya omwe ntchito yawo ndi yomweyi: kukonza bokosi la chipangizo kuti kutentha kuzituluka koma fumbi ndi madzi zisalowe. Si zophweka ayi. Ukaboola mabowo a mpweya, fumbi la pamsewu wa ku Makanjira limalowa. Ukatseka kotheratu, zam'kati zimapsa. Tayang'anani kumbuyo kwa inverter yanu, muona timizere ta aluminiyamu tokhala ngati chipeso. Timeneto timakoka kutentha kwa m'kati n'kukupereka ku mphepo. Pabokosi pakalembedwa IP65, ndiye kuti fumbi sililowa ndipo madzi opoperedwa pabokosilo sawononga kanthu. Wina anakhala pansi n'kuwerengetsa zonsezi.

Batire la lead-acid, la mtundu ngati wa la galimoto, limafuna madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka. Ndiye taganizirani batire lotsekeredwa m'kanyumba ka malata ku Monkey Bay dzuwa lili paliwombo!

Achinyamata a Fomu 4 okonda masamu ndi fizikisi, yunivesite ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa mechanical engineering, womwe ndi uinjiniya wa makina, ndipo makoleji ena a ntchito zamanja amaphunzitsa za mafiriji. Nsanja za netiweki, mafiriji a katemera m'zipatala zakumudzi, malo osungira chambo kuti chisawole, zonsezi zikufuna anthu aluso limeneli. Ine ndikulakalaka atakhala ana athu omwe anakulira m'kutentha komweku. Makolo, auzeni.