Sabata ya chiperoni pa benchi langa ku Limbuli

Kashopu kanga kali pa Limbuli, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha Muloza. Pachikwangwani ndinalemba zokonza mafoni, koma pakhomo pamafika zambiri: masipika, mawailesi a memori, mapadi a gemu, ngakhale matochi. Ambiri amabwera ataugamula kale mlandu. "Amisiri, yafa iyi, ingoifulashani." Kufulasha, kumene ndi kuikamonso mwatsopano pulogalamu yoyendetsa foni, kwasanduka mankhwala a nthenda iliyonse, chonsecho zambiri zimene ndimalandira sizinafe n'komwe.

Lolemba kunacha ndi chiperoni, phiri la Mulanje osaoneka. Nyengo yotereyi imandibweretsera mafoni okana kuchaja, makamaka a anthu othyola tiyi amene amakhala m'mame ndi m'mawawa tsiku lonse, foni ili m'thumba. Mayi wina anabwera ndi ka Itel ali wokonzeka kugula batire latsopano. Nditaunika pobayira chaja ndinapeza ulusi wa m'thumba utagwirana ndi fumbi, timawaya tamkati titachita dzimbiri lobiriwira. Singano, mswachi wakale ndi kadontho ka sipiriti, basi foni inayamba kulandira moto.

"Ndiye ndalama ya batireyi?"

"Kagulireni ana ndiwo, mayi."

Za kuika foni yonyowa mumpunga musandiuzenso. Mpunga sulowa m'kati kukaletsa dzimbiri. Foni ikanyowa izimitseni, chotsani batire ngati limachoka, ndipo musaibaye pachaja.

Lachiwiri ndi Lachitatu anali masiku a nyimbo. Wakabaza wina amene anamangirira sipika panjinga yake yamoto anafika atakwiya, akuti amene anamuthirira nyimbo anamubera: zoyambirira zikulira, zotsatira zikungodumpha. Memori yake inalembedwa 64GB koma anaigula pamtengo wa yaing'ono. Mamemori abodzawa amanamiza foni ndi kompyuta yomwe. Amaonetsa malo aakulu pomwe enieni ndi ochepa, ndiye akadzaza amangolandirabe mafayilo, maina n'kumaoneka, m'kati mulibe kanthu. Nditaiyesa polembamo mpaka kudzaza ndi kuwerenganso, malo enieni anangokwana 2GB. Ndinamuwerengera: nyimbo ya MP3 ya mphindi 4 pa 128kbps imadya pafupifupi 4MB, kotero nyimbo 500 ndiye malire ake. Wothira nyimbo uja analibe mlandu.

Memori ina inali ya 64GB yeniyeni, koma wailesi ya m'minibasi inkaikana. Apa vuto ndi lina. Memori yoposa 32GB imabwera ndi kasungidwe ka mafayilo kotchedwa exFAT, pomwe mawailesi ndi masipika ambiri otchipa amangodziwa kakale kotchedwa FAT32. Ndinasunga nyimbo pa laputopu, n'kuifomata, n'kuzibwezeramo. Windows 10 sikupatsa FAT32 pa memori yaikulu chotere, pamafunika kapulogalamu kapadera.

Amene anandikhalitsa ndi amayi a kwaya. Anzawo a ku Luchenza anawatumizira nyimbo pa WhatsApp kuti aphunzire, iwo n'kuzikopera m'memori, wailesi ya kutchalitchi ili duu. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp amakhala a mtundu wa fayilo wotchedwa Opus, zina zochokera pa intaneti zimakhala M4A, ndipo kawailesi kawoko kamangofuna MP3. Mwana wina anali atawasinthira dzina la fayilo, kumapeto n'kulembako mp3. Uku n'kulemba "shuga" pa thumba la mchere. Fayilo imafunika kuitembenuza ndi pulogalamu. Nyimbo yoyamba itangolira, amayiwo anayamba kuvomereza pakhonde pomwepo, ogula tomato n'kuima kumvetsera.

Lachinayi magetsi kunalibe. Ndinangomata magalasi oteteza sikirini ndi kuthandiza agogo ena amene foni yawo inkangogwira netiweki ya ku Mozambique. Kuno kumalire zimachitika. Umangoisankhira netiweki pamanja.

Lachisanu anabwera mnyamata amene amaseweretsa ana gemu ya mpira kuseri kwa msika, atanyamula makina a gemu a PlayStation 2 (PS2) m'chitenje. Makinawa anatuluka mu 2000, mwiniwakeyu asanabadwe, koma kuno akudyetsabe anthu. Diso lowerenga ma CD linatopa kalekale, magemu amawaseweretsa kuchokera pa fulashi. Dandaulo lake linali pawiri: gemu yatsopano ikukana kulowa, ndipo makina akumazima masana. Loyambalo ndi FAT32 yomwe ija, imene silandira fayilo imodzi yoposa 4GB, choncho gemu yaikulu timaidula zidutswa. Anafunsanso chifukwa chake makanema a m'gemu amachita chibwibwi. Pobayira fulashi pa PS2 ndi pa USB 1.1, pochedwa mwachibadwa, ndipo palibe mmisiri angapafulumizitse. Za kuzimazo ndinazipeza nditatsegula: fani itatsekeka ndi fumbi, mphemvu zitamanga mudzi pafupi ndi pamene pamatentha. Padi imodzi wosewera ankangothamangira kumanzere yekha. Ndinatsukamo, koma ndinamuuza kuti kandodo kake kadyeka, asayembekeze zambiri.

Loweruka madzulo, ndikulongedza, panafika mnyamata wovala bwino ndi Samsung yatsopanotsopano. Anali atafufuta yekha zonse za m'fonimo, ndiye inkafuna akaunti ya Google ya mwini wake. Loko ameneyu anaikidwa dala, kuyambira pa Android 5.1, kuti wakuba asapindule ndi kufufuta. Oiwala pasiwedi enieni alipo ambiri, makamaka amene akaunti anawatsegulira wogulitsa foni, ndipo amenewo timabweza pasiwedi kudzera pa nambala yawo.

"Nambala imene inali m'menemu muli nayo, achimwene?"

"Ndi ya mlongo wanga, ali ku Joni."

"Tiwaimbire pa WhatsApp."

"Alibe foni."

"Nanga lisiti, kapena katoni yake?"

Anati andipatsa kawiri mtengo wanga. Ndinamubwezera foni yake n'kumuuza kuti abwere ndi katoni Lolemba, tidzafananize IMEI, nambala yapadera ya foni iliyonse imene imalembedwanso pakatoni. Anatuluka osatsanzika, n'kulowera kwa mnzanga wa tsidya la msewu.