Zomwe nangula wandiphunzitsa masabata atatu apitawa

Pamene ndimayamba maphunziro oyendetsa boti la injini, mutu wa nangula ndinkauona ngati wongodutsapo, mtima wanga unali pa chiwongolero ndi liwiro basi. Ndinkati nangula ndi chitsulo cholemera, ukachitsitsa m'madzi boti laima, nkhani yatha. Tsiku loyeserera pamadzi aphunzitsi anati ndiimitse boti, ine nkutsitsa nangula ndi chingwe chongokwanira kufika pansi, nkumanga. Sipanathe mphindi 10 anandiloza mtengo womwe unali moyang'anizana nafe kumtunda, nkundifunsa kuti mtengo uja wapita kuti. Unali utatsalira kumbuyo. Timayenda ndife, nangula akungokwekwereka pansi, ndipo ndinachita mantha ndithu poganiza kuti zikanakhala bwanji kukanakhala miyala kumene mphepo imatikankhira.

Chomwe chandilowa kwambiri nchakuti nangula sagwira chifukwa cha kulemera kokha ayi, amagwira chifukwa chokumba pansi ngati khasu, ndipo kuti akumbe amafunika kukokedwa chogona osati choimirira. Ndiye chingwe chimayenera kukhala chachitali, ambiri amaphunzitsa kuti mamita 7 a chingwe pa mita imodzi iliyonse ya kuya. Kuyako umawerengera kuchokera pamwamba pa mphuno ya boti, osati pamwamba pa madzi. Madzi akakhala akuya mamita 4, mphuno ya boti ili mita imodzi pamwamba pake, ndiye kuti ndi 5, kuchulukitsa ndi 7, mamita 35 a chingwe. Ine tsiku lija ndinatulutsa mwina 6 okha. Pakati pa nangula ndi chingwe pamakhala unyolo, ntchito yake nkulemeretsa kuti kukoka kukhale kogona komanso kuti chingwe chisadyeke ndi miyala. Chingwe chake cha nayiloni, poti chimatamuka, funde likamenya boti silidzidzimutsa nangula.

Posankha mtundu wa nangula ndi pomwe ndachedwa kwambiri, chifukwa funso loyamba si la boti, ndi la pansi pa madzi pomwe uzikaima nthawi zambiri. Pali wa Danforth uja wa mapiko awiri aphanthiphanthi, anatchuka m'zaka za m'ma 1940, ngopepuka, amagona bwino posungira, ndipo mumchenga ndi m'matope amagwira modabwitsa poyerekeza ndi kulemera kwake. Koma paudzu wothinana amangotsetsereka pamwamba, pamiyala mapiko aja atha kupindika, komanso mphepo ikatembenuka boti nkuzungulira, nthawi zina amazuka osakumbanso. Pali wooneka ngati pulawo, wa CQR, amene anapanga katswiri wa sayansi wa ku Britain Geoffrey Taylor mu 1933, ameneyu boti likazungulira amatsatira nkukumbanso. Wa Bruce wa zala zitatu anabwera m'ma 1970, amagwira msanga pansi pa mitundu yambiri ngakhale mphamvu yake pa kilogalamu siyifika ya Danforth mumchenga. Aja ooneka ngati bowa ndi aja a zingowe zinayi ndi a timaboti ting'onoting'ono pamadzi odekha, sindingawadalire pa boti lonyamula banja.

Ineyo ndatsimikiza kuti ndikadzakhala ndi boti langa padzakhala anangula awiri a mitundu yosiyana. Ndipo pa tchati cha opanga anangula chosonyeza saizi yoyenera boti lililonse, boti likagwera pamalire pa masaizi awiri, ndidzatenga wamkuluyo, chifukwa boti la denga lalitali limakankhidwa ndi mphepo kuposa lotsika ngakhale kutalika kuli kofanana. China chomwe aphunzitsi anabwereza mpaka katatu nchakuti boti laling'ono usalimangire nangula kumbuyo. Kumbuyoko nkotsika kale ndi kulemera kwa injini, mafunde akamabwera amalowa ndipo boti limatha kumira. Umamanga kutsogolo, kutsitsa pang'onopang'ono osaponya, kenako kubwerera m'mbuyo ndi injini mofatsa mpaka chingwe chikungike.

Zotsuka ndinkaziona ngati zaukhondo chabe, kumangoopa fungo, ndipo zoona matope ouma m'kabokosi ka nangula amanunkha moti sungakhale nawo pafupi. Koma nditagwira bulashi ndekha ndi pomwe ndinazindikira kuti potsukapo ndi pomwe umaona zinthu. Ndinapeza kuti kachitsulo kotsekera shackle, kaja kolumikiza unyolo ndi nangula, kanali katamasuka theka, matope anali atakabisa. Kakanachoka, nangula akanatsala pansi ife nkumakoka chingwe chopanda kanthu. Kamayenera kumangidwa ndi kawaya kosachita dzimbiri kuti kasazungulire kokha.

Katsukidwe kake sikovuta, umamuviika nangula kangapo asanakwere m'boti kuti matope ambiri agwe, ukafika kumtunda umatsuka ndi madzi abwino opanda mchere, bulashi yolimba ya pulasitiki ndi sopo wochepa, kenako kuyanika zonse zisanalowe m'kabokosi. Anangula ambiri amakutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndi amene amateteza ku dzimbiri, ndiye kupala mwamphamvu ndi bulashi ya waya kapena kuthira asidi nkuchotsa chitetezo chomwecho. Chingwe nachonso usachithire bulitchi, amafooketsa nayiloni, kungochinyika m'madzi abwino nkuchiyanika pamthunzi kwakwana, uku ukuchipapasa ndi manja mita ndi mita kuona ngati pali pothetheka.

Chinandikhudzanso nchakuti nangula wosatsuka amasamutsa zamoyo. Tizidutswa ta udzu wa m'madzi ndi tinkhono timamatirira pa unyolo ndi m'matope, ukapita nalo boti kunyanja ina wapita nazo. Ku North America tinkhono ta zebra mussel tinapezeka m'nyanja zikuluzikulu zotchedwa Great Lakes kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, tinabwera ndi zombo, ndipo kuchokera apo takhala tikufalikira kumadzi ena kudzera m'maboti a anthu wamba, nkumatseka mapaipi a madzi. Nchifukwa chake kumeneko amalimbikitsa kutsuka, kukhuthula madzi onse ndi kuumitsa boti ndi zida zake musanalowe m'madzi ena.

Sabata yamawa tikuyeserera kuzula nangula wokodwa pamwala. Pakadali pano ndikuika zizindikiro za utoto pachingwe mamita 5 aliwonse, kuti ndizidziwa chomwe ndatulutsa osamangoyerekeza ndi maso.