Lipoti la ulendo wa gulu lathu wokadya ndi kukaphunzira ku Nchalo

Gulu lathu la banki m'khonde kuno ku Bangula lakhala likukambirana zotsegula malo odyera tikagawana ndalama kumapeto kwa chaka. Nkhaniyi imangozungulira pamodzimodzi. Ena akuti tigulitse tchipisi ndi nkhuku, ena akuti tiyi ndi masikono basi, poopa kulowetsa mpamba wonse m'madzi. Amayi a tcheya atatopa ndi mkanganowo anati tipite kaye tikaone kwa anzathu amene anayamba kale. Anzathuwo ndi gulu la amayi a ku Nchalo, ndipo mmodzi wa iwo ali ndi lesitilanti yomwe aliyense wa kumeneko amaidziwa. Ine monga mlembi ndinapatsidwa ntchito yolemba zonse kuti amene anatsala amve nawo.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa pa minibasi, mwezi wa Okutobala uno. Za pamsewu palibe zambiri. Kuyambira ku Sorgin mpaka kupitirira pa Ngabu minda ya makande ili gwa, yong'aluka, kudikira mvula, ng'ombe zikungotola mapesi otsala. Kenaka mwadzidzidzi kunayamba kubiriwira, nzimbe mbali iyi ndi iyo, tinadziwa kuti tafika. Shuga anayamba kupangidwa pa Nchalo mu 1966, ndipo fakitale yomwe lero ili m'manja mwa Illovo ndiyo imayendetsa moyo wa pamalopa. Akabaza, ogulitsa kaunjika, eni nyumba zalendi, onse amadziwa tsiku limene antchito a m'minda amalandira.

Mwini lesitilanti anatiuziratu pa foni kuti tisabwere masana. "Mukafuna kuona ntchito yanga fikani cha m'ma 9 koloko kupita 10," anatero. Ife tinkaganiza kuti akufuna atilandire kukadali kopanda anthu. Tinapeza mabenchi onse odzaza, njinga zitatsamira pa mpanda wa bango, ena akudyera chiimire pansi pa mtengo wa nimu. Anzathu a gulu la kumeneko anali atatisungira tebulo lakumapeto, ndipo tisanakhale pansi mtsikana anabwera ndi jagi ndi beseni kutisambitsa m'manja mmodzimmodzi, kuyambira kwa amayi a tcheya.

Apa ndi pamene ndikufuna amene munatsala mumvetse bwino. Chigwa chathu chino miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wa kuno sadikira dzuwa kuti ayambe ntchito. Wa m'munda wa nzimbe, wa kabaza, wa kudimba, mayi wobwera ndi nsomba kuchokera kudoko, onse amadzuka kukadali mdima, ambiri m'mimba mulibe kanthu. Ikamakwana 10 koloko agwira kale ntchito ya tsiku lathunthu ndipo njala yawagwira zenizeni. Tiyi sangawakwane. Kudikira nkhomaliro ya 12 koloko sangathenso, ndipo pa nthawi imeneyo dzuwa limakhala litafika poti munthu safuna n'kuona nsima yotentha. Mwini lesitilanti uja anaona zimenezi n'kusuntha mphika wawo waukulu kuuika pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro. Moto amakoleza 5 koloko, ikamakwana 1 koloko miphika yatsukidwa. Tonsefe timakhala m'chigwa chomwechi ndipo timadya nthawi yomweyo kunyumba kwathu, koma pa zokambirana zathu zonse palibe anatchulapo za nthawi.

Chakudya chinabwera chosasankhitsa. Choyamba anatipatsa thobwa lozizira la mapira m'makapu. Kenaka panabwera mbale ziwiri za nsima, ina yoyera ya chimanga, ina ya mapira yofiirira, pamodzi ndi makakana okazinga, mlamba wowamba wophikira tomato, chisoso chotendera ndi nyama ya mbuzi pang'ono. Makakana aja ndinapita kukaona m'mene amawakonzera. Amawapala mamba, kuwachekacheka m'nthiti mizere itatu mbali zonse, kuwapaka mchere ndi mandimu, n'kuwasiya pa lichero kuti madzi akhe asanawaponye m'chiwaya. Nsomba yonyowa, mayiwo anati, imamwa mafuta ndipo imamatirira. Akawuma bwino amatuluka okhukhutika mpaka zipsepse, moti munthu umatafuna ndi mutu womwe.

Nsima ya mapira ndiyo inatha msanga. Ndinayang'ana matebulo oyandikana nafe, zinali chimodzimodzi, ndipo bambo wina wovala magambutsi anachita kubweza mbale yoyera n'kunena kuti, "Mayi, ndipatseni yathu ija." Izi zinandikhudza. Mapira ndi mbewu imene imatipulumutsa chaka chimene chimanga chapserera, chifukwa amapirira ng'amba, ndipo pa makande a ku Ngabu amachita bwino. Komabe ambirife tinazolowera kuwaona ngati chakudya cha nthawi ya njala, pafupifupi mofanana ndi nyika zomwe anthu amakazula kudambo zinthu zikavuta. Mlendo akabwera timathamanga kukabwereka ufa woyera. Mayiwa amaika nsima ya mapira poyera pa bolodi la pakhomo, ndipo anthu ogwira ntchito yakalavulagaga amaikonda chifukwa imakhalitsa m'mimba. Anatiuza kuti mapira amawakonola kaye n'kuwapeta bwino asanapite nawo kuchigayo, apo ayi nsima imatuluka yokhakhala ndi yowawira.

Msungichuma wathu, amene ali mbali ya tchipisi, sanafune kugonja. Anafunsa kuti, "Nanga asisi, achinyamata amadya zimenezi?" Yankho linali lakuti tchipisi chiliponso, koma amakazinga madzulo mnyamata wina panja, ndipo phindu lake limadyedwa ndi mafuta ophikira komanso mbatatesi, yomwe kuno siilimidwa, imachita kutsika phiri kuchokera kumtunda. Nsomba, mapira, mbuzi, masamba a kudimba, zonsezi amazipeza pafupi. Ngakhale chakumwa chimene tinatsirizira ndi cha malambe: amaviika m'madzi owiritsa, kusefa, kuthira shuga n'kuika m'mabotolo mufiriji. Magetsi akazima amamiza mabotolowo mu mtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa.

Titafunsa kumene nsomba zimachokera tinayang'anana. Zimachokera ku dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linaikidwa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko la Ramsar, ndipo dambo limeneli limathera ku Chiromo, pakhomo pathu penipeni. Mpunga wa ku Muona nawonso umawoloka pa boti pa Mtayamoyo n'kufikira kwa ife. Kunena zoona, pa nkhani ya ndiwo ndi mpunga ife tili pabwino kuposa anzathu a ku Nchalo. Chimene ali nacho iwo ndi anthu olandira pamwezi. Ife makasitomala athu adzakhala apaulendo opita ku Nsanje, owoloka kupita kutsidya, akabaza ndi amalonda, anthu a ndalama ya tsiku ndi tsiku.

Kusiyana kumeneku kunabweretsa nkhani imene tinakhalitsa nayo, mbale zitachotsedwa kale. Mayiwa ali ndi kope lalikulu momwe amalemba odya pangongole, olipira mwezi ukatha. Amati popanda kopelo theka la mabenchi lingakhale lopanda anthu. Koma anavomera kuti nyengo yodula nzimbe ikatha mvula ikayandikira, antchito ena aganyu amabwerera kwawo osatsanzika, ndipo masamba ena a kopelo amangowang'amba. Anakumbutsanso za Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira ndi kudula msewu wa M1. Magetsi anasowa, katundu sankafika, ndipo amene anali ndi ngongole sakanatha kulipira chifukwa nawonso anali atataya zonse. Anatsekapo kwa kanthawi, n'kudzatsegulanso ndi ngongole ya ku gulu lawo. Ife amene tinaona madzi a 2015 ndi a Freddy mu 2023 sitinafunike kufotokozeredwa zambiri.

Maganizo anga ndi akuti titsate nthawi yawo ndi chakudya chawo, koma kope tilisiye. Ndalama zathu ndi za anthu ambiri, ena ndi amasiye, ndipo munthu wapaulendo sungamutsate kwawo. Amayi a tcheya akuganiza mosiyana: akuti akabaza a pa siteji timawadziwa mayina ndi makolo awo, kuwakaniza mbale imodzi mpaka madzulo n'kudzichotsera makasitomala tokha. Sitinamvane, ndipo m'minibasi pobwerera nkhani inali yomweyo mpaka pa Ngabu.

Bilu tinalipira tokha kuchokera m'thumba la ulendo, ngakhale anzathu anaumirira kuti ndife alendo awo. Tinawaitana kuti adzabwere ku Bangula mvula isanayambe, ndipo mwini lesitilanti walonjeza kudzakhala nafe m'khitchini m'mawa wonse kutionetsa kaphikidwe ka nsima ya anthu ambiri. Pa msonkhano wa sabata yamawa tidzavota pa nkhani ya ngongole. Amene muli ndi mapira m'nkhokwe mudzanene kuchuluka kwake, ndipo amayi awiri amene amuna awo ndi asodzi adzatiuze mtengo wa makakana padoko.